Mkono M'kati mwa Chitseko

Kuseri kwa garaja, pamene denga la malata linkathera ndipo madzi a mvula ankagwera mumgolo wodula pakati, panali kakona ka anthu awiri, Bambo Nyundo ndi akazi awo, Mayi Gwirani. Maina amenewa sanabadwe nawo ayi. Anawapatsa ndi anthu a pagarajapo, chifukwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mawu omveka pakonapo anali amodzimodzi. Bambowo ankati, "Gwirani!" Mayiwo n'kuyankha, "Ndagwira." Kenaka nyundo n'kulira.

Ntchito yawo inali ya mphira za m'mazenera a galimoto, zimene achinyamata amati malabala. Galimoto za makono mphira yake amangoikanikiza ndi chala, yalowa. Malole akale sanali otero. Mphira yake inkabwera itamatidwa pa kachitsulo kopyapyala, ndipo kachitsuloko ankakakhomera pamlomo wa chitseko ndi timisomali tatifupi, tofewa, totchedwa mariveti. Riveti silikhomeka ndi munthu mmodzi. Wina amapisa mkono m'kati mwa chitseko n'kuchirikiza mutu wake ndi chitsulo cholemera, wina kunja n'kumenya mchira wake ndi nyundo ndi kachitsulo kokhomera kotchedwa panchi mpaka utaphwatalala. Chitsulo cha Mayi Gwirani chinali chidutswa cha ekiselo ya galimoto, chosalala ndi thukuta la zaka, ndipo iwo ankachitcha mtsamiro.

Anayamba kuugwira mtsamirowo akadali mtsikana, ali ndi pakati pa mwana wawo woyamba, pamene mnzawo wa bambowo amene ankawagwirira mtsamiro anapita kutali osatsazika. Ankati angogwirizira kwa kanthawi. Ana anabadwa, anakula, anakamanga makomo awo, mtsamiro uli m'dzanja lomwelo. Mkono wawo wamanzere unanenepa kuposa wamanja, uli ndi zipsera za malata kuyambira pachigongono mpaka paphewa, mwakuti pa ukwati wa mwana wawo wamkazi telala anachita kumasula dzanja limodzi la bulauzi. Amayi anzawo ankawajeda kuti mkazi wanji wonunkha girisi. Iwo atamva anangoti, "Girisi amachoka ndi sopo. Ulesi ndiwo sindinauonere sopo wake."

Chakudza sichiimba ng'oma. M'chaka chimene tikunenachi, Bambo Nyundo anayamba kudandaula kuti dzuwa la masiku ano n'lofooka. Mariveti m'chitini sankatolanso ndi maso, ankachita kufufuza ndi zala. Tsiku lina anamdutsa mdzukulu wawo pachipata osamuzindikira, mwanayo n'kuyamba kulira. Mayi Gwirani anawayang'anitsitsa m'maso padzuwa, naona kamtambo koyera m'kati mwa diso, ngati mkaka wothira madzi. Inali ng'ala. Atangotchula za chipatala, bambowo anadzuka, natuluka opanda chipewa, ndipo tsiku limenelo sanadye. Kuyambira pamenepo mayiwo anatseka pakamwa, nagula choko. Mchira wa riveti lililonse ankayamba aupaka choko kuti uyere, ndipo galimoto iliyonse ankaiimika chitseko chitayang'ana kudzuwa, akunamizira kuti nsana wawo umafuna kutentha.

Koma choko si diso. Tsiku lina nyundo inaphonya n'kubonyola chitseko cha galimoto ya munthu. Mwini garaja, mwamuna wofatsa amene analandira malowo kwa malemu bambo ake, anawaitanira pambali.

"Bambo, ine ndimakulemekezani. Munandiona ndikukwawa pabwalo pomwe pano. Koma eni magalimoto akakwiya amakwiyira ine. Zikachitikanso, pakonapo ndiikapo mphwanga wa matayala. Mundikhululukire."

Mayi Gwirani anamva zonse ali kuseri kwa mgolo. Ankadziwa kuti amuna awowo akachoka pakonapo sadzakhalitsa. Pali anthu amene ukawalanda nyundo ndiye kuti wawakumbira manda.

Lole yobiriwira inafika pasanapite nthawi yaitali, tsiku la mitambo. Inali nkhalamba ya lole, yamphuno yaitali, yolira ngati ng'ombe yodwala. Mwini wake, amenenso anali dalaivala, anatsika atakulunga thaulo m'khosi, akutsokomola.

"Amisiri, ndipulumutseni. Mvula ikamagwa, panja ndi m'kati n'chimodzimodzi. Ndimayendetsa nditakhalira pepala la pulasitiki ngati khanda."

Bambo Nyundo anayendetsa chala pamlomo wa chitseko. Mphira yakale inali itauma, ikuyoyoka ngati makala. "Iyi inafa kalekale. Tichotse galasi, tikhome yatsopano."

Anamasula chophimba cha m'kati mwa chitseko. Mayi Gwirani atasuzumira pabowo, anaona vuto lina. Mabawuti ogwira chitsulo chokwezera galasi anali atawotchereredwa, onse, mpaka kusanduka chibuma.

"Anachita izi ndani?"

"Si ine!" anakuwa wowotcherera wa pagarajapo, amene ankamutcha Chiphaliwali, asanayang'ane n'komwe.

"Ndiwe," anatero dalaivala. "Chaka chatha. Unati sadzamasukanso."

"Nanga amasuka? Ntchito yanga sinama, achimwene."

Anthu anaseka, koma Mayi Gwirani sanaseke. Galasi silikanatuluka. Analitsitsa mpaka pamene chogwirira chinakana kuzungulira, koma m'mphepete mwake munatsala pafupi ndi mabowo a mariveti, mpata wake wosakwana chala chopingasa. Panchi inkayenera kulowa mopendama pamwamba penipeni pa galasilo. Ndipo galasi la galimoto, ukaligunda m'mphepete, silichita mng'alu ngati la m'nyumba. Limangoti phwaa, lonse, n'kusanduka mchere.

"Koma chonde, amisiri," anatero dalaivala, atagwira Bambo Nyundo paphewa. "Galasi ili ndi lomwe inabadwa nalo. Ndafunsa m'masitolo, ndafunsa kwa ophwasula magalimoto, lotere kulibe. Likasweka ndiye kuti ndiziyenda ndi katoni."

Mayi Gwirani anayandikira amuna awo, nalankhula motsitsa. "Bambo, bwanji tiwauze abwere mawa? Kunja kwada uku."

"Mawa ndili ndi katundu wa anthu," anatero dalaivala, amene makutu ake anali akuthwa. "Ndi lero basi."

"Kwada kuti?" anatero Bambo Nyundo mokweza, kuti onse amve. "Ndayamba lero ine kukhoma pafupi ndi galasi? Tengani mtsamiro, mayi."

Mwini garaja anali atatuluka mu ofesi, ataima pakhomo, manja ali m'thumba.

Kudula mariveti akale sikunavute, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya zala. Anapala dzimbiri, nayeza mphira yatsopano, naidula. Mayi Gwirani analowetsa riveti loyamba, napaka choko mchira wake kawiri konse. Kenaka anagwada pa chopondera cha lole, napisa mkono pabowo mpaka paphewa, tsaya litatsamira chitsulo chozizira. Pamenepo munthu saona kanthu. Amangomva. Galasi linali litagona pamkono pawo, losalala, lozizira ngati njoka.

"Gwirani!"

"Ndagwira."

Nyundo inalira, ndipo mphamvu yake inatsika molunjika mu mtsamiro mpaka m'chigongono. Lakhala. Mayiwo anapuma. Lachiwiri linakhalanso, ngakhale anamva panchi ikuyamba yafufuzafufuza isanapeze mchira. Ali mkati mopaka choko lachitatu, mphepo inawomba, mitambo inatsika, pansi pa denga panachita mdima wa bii ngati madzulo. Choko chija chinangooneka ngati phulusa.

"Bambo, tidikire kaye kuyere."

"Gwirani, ndati."

Anapisanso mkono. Anamva panchi ikukhudza riveti, n'kuchoka, n'kukhudzanso, n'kukhala pambali. Anafuna kukuwa, koma nyundo inali itatsika kale. Mu mtsamiro simunafike kanthu. M'malo mwake galasi lonse linaimba pamkono pawo, ng'iii, kulira kwakutali kopyoza m'mano.

Pagaraja panati zii. Chiphaliwali anazimitsa moto wake. Dalaivala anagwira thaulo lake ndi manja awiri.

Mayi Gwirani anadikira kuti amve mchere uja ukuwagwera m'khwapa. Sunagwe. Anayendetsa chala chaching'ono m'mphepete mwa galasi, napeza kamalo kokhakhala, kochepa ngati njere ya mchenga. Linali lapulumuka, koma galasi silikhululuka kawiri.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa dalaivala.

"Panchi yaterereka," anatero Bambo Nyundo. "Zimachitika. Gwirani, mayi."

Mwini garaja anali atachoka pakhomo paja, akubwera pang'onopang'ono.

Mayi Gwirani anasinkhasinkha ali chigwadire. Akagwiranso, galasi lipita, kona n'kupita nalo. Akanena choona pamaso pa amuna onsewa, kuti bambo saona, ndiye kuti awavula pagulu, ndipo kona lipitabe. Anasolola mkono, mtsamiro n'kuugwetsa dala pansi, gu.

"Mayo, mkono wanga! Wachita dzanzi. Sindikumva zala."

"Upukuseni, ubwerera," anatero bambowo.

"Wakana, bambo. Chitseko ichi n'chakuya, phewa langa silikufika. Inu mkono wanu ndi wautali. Tagwirani ndinu."

"Ndigwire ine? Nanga amenye ndani?"

"Bweretsani kuno nyundoyo, madala," anatero Chiphaliwali, akupukuta manja pa ovolosi. "Kamodzi kokha, pha, nkhani yatha."

"Iwe usayandikire lole yanga!" anakuwa dalaivala. "Umamenya ngati ukugwetsa nyumba."

Mayi Gwirani anaona kuti nyundo ikangopita m'dzanja la munthu wina wa pagarajapo, mwini garaja aona yekha kuti ntchitoyi ingathe kuyenda popanda iwo. Anaimirira, nakonza mpango kumutu.

"Ndimenya ndine. Wamanja uli bwinobwino."

Chiphaliwali anaseka mpaka kugwira mawondo. "Amayi! Nyundo si chipande ayi!"

Maso a mayiwo anali pa amuna awo. Bambo Nyundo anali ataima pa bokosi limene ankakwerapo, nyundo ili kudzanja lamanja, panchi kumanzere. Anatsika, nayandikira mpaka mpweya wawo kumveka, nafunsa motsitsa kuti ena asamve.

"Mkonowo wachitadi dzanzi?"

"Wachita, bambo."

"Zaka zonsezi sunachitepo."

"Nane ndakalamba."

Bambowo anawayang'ana nthawi yaitali ndi maso awo a mitambo aja. Nsagwada zinkagwedezeka ngati akutafuna kanthu kolimba. Mayi Gwirani anaona kuti adziwa, ndipo anachita nthumanzi kuti mwina aponya nyundo pansi n'kutuluka pachipata, osabweranso. Dontho loyamba la mvula linagwa pamalata, lina n'kutsatira.

Bambo Nyundo anatembenuza nyundo, nawapatsa chakumpini. Kenaka anawerama, nafufuza pansi mpaka kupeza mtsamiro, napinda dzanja la malaya, nagwada pa chopondera.

Mayi Gwirani anakwera pa bokosi. Kwa nthawi yoyamba anaona ntchitoyi kuchokera kunja. Mchira wa riveti unali kanthu kakang'ono ngati mutu wa machesi, ndipo pansi pake pomwepo panali mlomo wa galasi, wobiriwira, ukungodikira. Moyo wawo wonse anali kumva nkhonya za nyundo imeneyi mumkono, koma sankadziwa kuti amuna awo ankaponya pampata wochepa chotere.

Anaika panchi. Koma mawu aja oti "Gwirani" sanawatchule.

"Mukudikira chiyani?" anatero mawu ochokera kuseri kwa chitseko. "Ndagwira kale."

Anamenya. Nyundo inangogwa mwamantha, ti.

"Mukugoneka mwana kapena mukukhoma? Menyani!"

Anamenya ndi mphamvu. Riveti linapindika, n'kugonera chakugalasi.

"Ee, basi, lole yanga yatha," anadandaula dalaivala, akuzungulirazungulira. "Abwana, mukungoyang'ana? Akuphunzirira pa galasi langa!"

Mwini garaja anali atafika pafupi, ataima kumbuyo kwa bokosi. Mayi Gwirani ankamva maso ake pamsana.

"Adalaivala, khalani pansi," anatero Bambo Nyundo, osatulutsa mkono. "Riveti lopindika si maliro. Mayi, tengani pulayala, liwongoleni pang'ono, ndilikoka ine kuno."

Analichotsa, nalowetsa lina. Mvula tsopano inali itatsanuka, ikuwomba malata mwakuti anthu ankachita kukuwa. Mayi Gwirani anafuna choko m'thumba, kenaka anakumbukira kuti iwo sachifuna. Anaika panchi.

"Imani," anatero bambowo. "Yapendekera kwa inu. Ndikuimva. Ikankhireni kutsogolo. Pang'ono. Mwapitirira. Bwererani. Apo! Musayang'ane nyundo, yang'anani pamene panchi yaluma. Koyamba mopepuka, kuti mchira utseguke. Kenaka kawiri kolimba."

Anachita monga anauzidwa. Koyamba mchira unatseguka ngati kaduwa. Kachiwiri unafalikira. Kachitatu unalowa m'mphira, n'kubisala.

Anadikira.

"Lakhala," anatero Bambo Nyundo. "Lina."

Sikuti mantha anatha. Riveti lililonse linali ndi mantha akeake, ndipo lomalizira, la pakona pamene galasi limakwera pang'ono, linawatengera nthawi yaitali. Thukuta linkalowa m'maso, namalipukuta ndi phewa. Kawiri anakweza nyundo n'kuitsitsa osamenya. Bambowo sanawafulumize. Ankangonena za panchi, kumanja, kumanzere, ngati munthu wolondolera ngolo pamlatho wopapatiza. Chiphaliwali, amene anali atasiya kuseka, anabweretsa nyale yake ya magetsi n'kuigwira pamwamba pa phewa la mayiwo popanda womutuma.

Litakhala lomaliza, Bambo Nyundo anasolola mkono. Unali utakalika ndi malata, magazi akutsika pachigongono. Anauyang'anitsitsa pafupi ndi nkhope.

"Chitseko chimaluma chonchi?"

"Chimaluma," anatero Mayi Gwirani.

Panatsala kuyesa. Riveti likatsala ndi kamutu kotulukira, limakanda galasi ulendo uliwonse, mpaka tsiku lina kulidula. Dalaivala anakana kugwira chokwezera, akuti manja ake ali ndi tsoka. Bambo Nyundo anachigwira okha, natsamiritsa khutu pachitseko, nayamba kuzungulitsa. Galasi linatuluka pang'onopang'ono, likutsetsereka pakati pa mphira, mwakachetechete. Linafika pamwamba. Analitsitsa, nalikwezanso. Mayi Gwirani anayendetsa chikhatho pagalasi lonse. Panalibe pokandika.

Dalaivala analiza lole, naibweza m'mbuyo mpaka pansi pa mathithi a padenga, nakhala m'katimo madzi akukhuthukira pazenera. Kenaka anatsegula chitseko, akugwedeza thaulo m'mwamba.

"Louma! Amayi, louma!"

"Ndiye tiziwaitana bwanji tsopano?" anafunsa Chiphaliwali. "Maina asokonekera apa."

"Uziti amisiri, onse awiri," anatero dalaivala. "Ndipo iwe usadzagwirenso mabawuti anga."

Bambo Nyundo anapita kumgolo kukatsuka mkono. Mwini garaja anatsala ndi mayiwo, akuwathandiza kutola mariveti amene anamwazika.

"Abwana, za pakona paja," anayamba Mayi Gwirani.

"Ine sindifunsa kuti wamenya ndani, mayi. Ndimafunsa ngati galasi lili moyo. Khalani." Anaponya mariveti m'chitini, natsitsa mawu. "Koma mupite nawo kuchipatala. Choko chija nanenso ndimachiona."

Mvula itakata, anatseka bokosi la zida nauyamba wa kunyumba. Bambowo anali patsogolo monga mwa masiku onse. Mayi Gwirani ankatsatira, phewa lamanja likuwawa mwachilendo, akudikira mkuntho. Anadutsa pa sitolo ya utoto, anadutsa pa mjigo, anthu awiri osanena kanthu ngati achokera kumaliro.

"Nyundo mumaigwira pakhosi," anatero bambowo mwadzidzidzi, osatembenuka. "Ngati mukupha nkhuku. N'chifukwa chake phewa likupweteka. Muziigwira kumchira, izigwa yokha."

"Ndamva, bambo."

"Mawa ndikupezerani lata lakale. Muyambe mwaboola, muzikhoma mpaka dzanja lizolowere. Lero mwachita mwayi."

"Ndachitadi mwayi."

Anafika pamsewu waukulu. Phula linali lonyowa, likunyezimira, magalimoto akudutsa atayatsa nyali. Masiku onse Bambo Nyundo ankangodumpha msewuwo osacheuka, akazi awo n'kumathamangira m'mbuyo. Tsiku limenelo anaima m'mphepete. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anatsinzina, nayang'ananso. Kenaka anatambasula dzanja chakumbuyo, osatembenuka.

"Kukubwera kanthu?"

Mayi Gwirani anawagwira pamkono, pamwamba pa bala.

"Dikirani kaye. Kuli njinga."